Pulani ya boma yokweza maphunziro: tilembemo chiyani kuti isakathere m'kabati?

Hedi_Watsopano
Moni nonse pa gulu. Ofesi ya maphunziro m'boma lathu ikukonza pulani ya zaka zitatu yokweza kakhozedwe ka ana, ndipo ahedi tonse atiuza kuti tibwere ndi maganizo athu pa msonkhano wa Lachisanu. Ine uhedi ndauyamba chaka chathachi. Dzulo ndinafuna kuona pulani yomwe yangotha kumene. Ndinaipeza m'kabati pansi pa marejisitala akale, chikuto chili mbee, osapindika ngakhale tsamba limodzi. Munali zolinga 14. Nditafunsa aphunzitsi anga kuti atchule chimodzi chokha, onse anangoyang'anana.

Chomwe chandisowetsa tulo ndi ichi. Sabata yathayi ndinaitana mtsikana wa Sitandade 5 n'kumupatsa buku la Sitandade 2. Anaika chala pa mzere woyamba, milomo ikugwedera, mawu osatuluka. Kenako anayang'ana chithunzi cha patsambalo n'kuyamba kupeka nkhani yakeyake, akundiyang'ana m'maso kuti aone ngati akukhoza. Mwana ameneyu zaka zonse zitatu za pulani ija anali m'kalasi, samajomba. Ndithandizeni, Lachisanu ndikanene chiyani?

Chokodala
Ahedi, mukanene kuti atipatse aphunzitsi ndi makalasi. Zina zonsezo ndi mapepala.

MayiWaAtatu
Ine ngati kholo ndangomva chisoni ndi mtsikanayo. Wanga wachiwiri anali choncho. Lipoti limabwera kuti wakhoza, nambala yabwino, koma tsiku lina ndinamupatsa kalata kuti andiwerengere, anangoyamba kulira. Ndiye pulani yanuyo itiuze ife makolo zoona. Musatiuze kuti mwana wakhala nambala 12, tiuzeni kuti amatha kuwerenga kapena ayi.

MlangiziWopuma
Ahedi, ndayenda m'sukulu zaka zambiri ngati mlangizi ndisanapume, ndipo mapulani otere ndinalemba nawo angapo. Zomwe mwapeza m'kabatizo si za kwanu kokha.

Ku India, m'chigawo cha Madhya Pradesh, boma linachita zonse zomwe mabuku a kayendetsedwe ka sukulu amanena. Anthu anayendera sukulu iliyonse, anaipatsa mlingo, analemba pomwe ikufooka, ndipo sukulu iliyonse inakhala ndi pulani yakeyake yodzikonzera. Akatswiri awiri a zachuma, Karthik Muralidharan ndi Abhijeet Singh, anafufuza ntchitoyi poyerekeza sukulu zomwe zinalowa m'ndondomekoyi ndi zomwe sizinalowe, ndipo zotsatira anazitulutsa mu 2020. Mapulani analembedwa bwino, mafomu anadzazidwa pa nthawi yake. Koma kujomba kwa aphunzitsi sikunatsike, kaphunzitsidwe sikanasinthe, ana sanakhoze kuposa anzawo. Chifukwa chake? Pulani itangolembedwa n'kutumizidwa, ntchito inathera pomwepo. Panalibe wobwerera m'kalasi kudzaona ngati zolembedwazo zikuchitika. Ngakhale zinali choncho, ndondomeko yofanana nayo inafalitsidwa m'sukulu zoposa 600,000, chifukwa kwa woyang'ana mafayilo okha zinkaoneka kuti zikuyenda.

Ndiye Lachisanu, pa mfundo iliyonse yomwe ingatchulidwe, mukafunse mafunso atatu: adzachite ndani, adzabwere kudzaona ndani, tsiku liti. Mfundo yomwe ilibe mayankho atatuwa isalowe m'pulani.

WaKuOfesi
Ine ndimagwira ntchito mu ofesi ya maphunziro ya boma lina, ndipo ndikuona kuti mwayamba kutiweruza. Zolinga 14 zija sitimazilemba chifukwa chokonda kulemba. Likulu lili ndi zake zomwe limafuna zionekemo, mabungwe othandiza aliyense ali ndi yake, makhansala nawo akufuna zomangamanga zoti anthu aone ndi maso. Mukachotsa chimodzi, mwini wake amabwera kudzafunsa. Komanso mlangizi mmodzi amakhala ndi sukulu zambirimbiri, mayendedwe n'kukhala ovuta. Mukuti abwerere m'kalasi, abwerera bwanji?

MlangiziWopuma
Achimwene WaKuOfesi, sindikukuweruzani, mpando umenewo ndikuudziwa kutentha kwake. Zolinga zonsezo zilembedwe ngati malamulo akutero. Koma boma lisankhe chimodzi kapena ziwiri zomwe bwana wa maphunziro azifunsa yekha mwezi ndi mwezi. Aphunzitsi amadziwa msanga chomwe bwana amafunsa akabwera. Akamafunsa masikimu ndi rejisitala basi, masikimu amakhala aukhondo. Akamaitana ana asanu n'kuwapatsa ndime kuti awerenge, kalasi imasintha.

Chokodala
Bambo, ana asanu mwa ana 90. Ena 85 aja?

WaSitandade1
A Chokodala akunena zoona pa kuchuluka kwa ana, tisawatsutse. Ine m'mawa uliwonse ndimalowa m'kalasi momwe ndikafuna kufika kumbuyo ndimachita kudumpha miyendo ya ana. Koma ndiloleni ndinene zomwe ndinayesa ndekha teremu yatha. Ndinatenga pepala limodzi, pamwamba zilembo, kenako maphatikizo, kenako mawu, pansi kandime kakafupi. Pa nthawi yopuma ndinkaitana ana khumi tsiku lililonse, mmodzimmodzi. Mwana mmodzi satha mphindi zitatu. Pasanathe masabata awiri ndinali nditadziwa aliyense pomwe waima. Zinandidabwitsa. Ana ena omwe amakweza mawu kwambiri tikamawerenga pamodzi pa bolodi sankadziwa ngakhale chilembo chimodzi, ankangotsatira nyimbo ya anzawo. Pomwe kamnyamata kena kachete ka pakona kankawerenga ndime yonse bwinobwino.

WaZiwerengero
Aphunzitsi a Sitandade 1, zomwe mwachitazo ndi njira yomwe bungwe la Pratham la ku India lakhala likugwiritsa ntchito. Kuyambira 2005 amachita kafukufuku wotchedwa ASER, akuyesa ana m'makomo ndi pepala longa lanulo: zilembo, mawu, ndime, nkhani. Njira yawo yophunzitsira amaitcha Teaching at the Right Level. Ana a makalasi apakati amawagawa m'magulu potengera zomwe akutha, osati msinkhu kapena kalasi, kwa ola limodzi kapena awiri pa tsiku. Amene ali pa zilembo aphunzire zilembo, amene ali pa mawu aphunzire mawu, ndipo akangodziwa amasamukira gulu lotsatira. Abhijit Banerjee ndi Esther Duflo, omwe analandira mphoto ya Nobel mu 2019 pamodzi ndi Michael Kremer, anaifufuza njirayi kwa zaka zambiri.

Koma pali phunziro lomwe likukhudza pulani ya ahedi. Ku Bihar ndi Uttarakhand, zigawo za ku India, aphunzitsi anaphunzitsidwa njirayi, zipangizo anapatsidwa, koma m'kati mwa teremu ambiri anabwerera ku silabasi, ndipo phindu silinaoneke kwenikweni. Ku Haryana, chigawo china cha ku India, zinatheka chifukwa boma linapatula ola lakelake pa ndandanda ya tsiku, ndipo alangizi anayamba aiyesa okha njirayo m'kalasi asanapite kukathandiza aphunzitsi. Zambia inatengera njira yomweyi mu 2016 pansi pa dzina loti Catch Up. Ndiye si wekishopu yomwe imasintha zinthu. Ndi ola lotetezedwa, ndi mlangizi yemwe anagwirapo choko pa njirayo.

Nkhutukumve
Mwatchula wekishopu. Tinene zoona, ambiri timapitako chifukwa cha alawansi. Tikabwerako kabuku kaja timakaika pomwe ahedi anapeza pulani paja.

Chokodala
Musatinyoze. Munthu wagwira ntchito mwezi wonse, malipiro osakwana, ndiye akalandira kangachepe mukuti walakwa?

Nkhutukumve
Sindinati walakwa. Ndati bajeti ya pulani imathera kumeneko.

MamboWaMasamu
Inu nonse mukungokamba za kuwerenga. Nanga masamu? Ine ndimalandira ana m'makalasi apamwamba omwe sangathe kuchotsera kobwereka. Ukamupatsa 52 kuchotsa 17 amalemba 45, chifukwa amangochotsa nambala yaing'ono mu yaikulu pa mzere uliwonse. Ndiye silabasi ikuti ndimuphunzitse ma fraction. Pulani ikangonena za kuwerenga, ife a masamu tidzaiwalika zaka zitatu zina.

WaSitandade1
Achimwene, sitikukutayani. Koma funso la masamu lolembedwa m'mawu mwana aliyankha bwanji ngati sangaliwerenge? Ndi pepala lomwe lija mukhoza kuika kuseli kwake manambala, kuphatikiza, kuchotsera ndi kugawa. Mwana yemweyo, mphindi zina ziwiri.

WaKomitiYaSukulu
Ine ndine wa komiti, sindine mphunzitsi, ndiye mundikhululukire ngati ndikulankhula mosadziwa. Ife tikaitanidwa pa za pulani timangofunsidwa za njerwa, zimbudzi ndi mpanda. Zimenezo n'zofunika ndithu, mtsikana wamkulu sangakhale pa sukulu yopanda chimbudzi chabwino. Koma palibe tsiku lomwe anatiuzapo kuti mwa ana a Sitandade 3, owerenga ndi angati. Tikanadziwa, bwenzi tikuyenda m'makomo mwa ana ojomba tili ndi chonena. Ndi mabuku omwe, ife tinkaganiza kuti tikangopeza mabuku nkhani yatha.

WaZiwerengero
Bambo a komiti, pa mabuku pali kafukufuku wa kumadzulo kwa Kenya yemwe Paul Glewwe, Michael Kremer ndi Sylvie Moulin anatulutsa mu 2009. Sukulu zinapatsidwa mabuku, koma omwe anapindula ndi ana omwe anali okhoza kale. Mabukuwo anali a Chingerezi, ndipo ana ambiri sankatha kuwawerenga. Sindikuti mabuku ndi achabe. Ndikuti buku liyenera kufanana ndi pomwe mwana wafika.

Ndipo vutoli ndi lalikulu kuposa boma limodzi. Mu 2019 World Bank inati m'mayiko osauka ndi apakati, ana 53 mwa 100 alionse amafika zaka 10 asakutha kuwerenga ndi kumvetsa nkhani yosavuta. Mu 2022, sukulu zitatsekedwa nthawi yaitali chifukwa cha Covid-19, anayerekeza kuti chiwerengerocho chafika pa 70.

Chokodala
Ziwerengero tamva. Koma palibe wandiyankha za kukula kwa kalasi.

MlangiziWopuma
Ndikuyankheni, aphunzitsi. Kalasi yaing'ono imathandiza. Ku Tennessee, ku America, kuyambira 1985 anayesa poika ana ena m'makalasi a ana 13 mpaka 17, ena m'makalasi a 22 mpaka 25, ndipo a m'makalasi aang'ono anachita bwino, makamaka ana ochokera m'mabanja ovutika. Koma taonani manambalawo. Kuti kalasi yanu ya 90 ifike pamenepo pafunika aphunzitsi asanu ndi mmodzi ndi zipinda zisanu ndi chimodzi. Zimenezo tizipempha chaka ndi chaka osatopa, koma sizili m'manja mwa ofesi ya boma lokha, ndipo mtsikana wa ahedi uja sangadikire.

Chomwe chili m'manja mwa boma ndi kagawidwe ka aphunzitsi omwe alipo kale. Pitani pa sukulu zambiri mukaone: kalasi yolemba mayeso otsiriza ili ndi aphunzitsi atatu kapena anayi ogawana maphunziro, ana ochepa, pomwe Sitandade 1 ili ndi mphunzitsi mmodzi ndi khamu. Ndipo mphunzitsi akaoneka wofooka, amamutsitsira kwa ana aang'ono ngati chilango. Timaika amphamvu padenga, maziko tikusiyira wotopa. Pulani ikhoza kulamula kuti zimenezi zitembenuke popanda kulemba ntchito munthu watsopano ngakhale mmodzi.

Hedi_Watsopano
Apa mwandigwira pamtima, bambo. Pa sukulu yanga zili ndendende choncho. Koma ndikachotsa mphunzitsi wabwino ku kalasi ya mayeso, zotsatira zikatsika chaka chino, amene adzaitanidwe ku ofesi ndine. Sukulu timaziyika pa mndandanda potengera mayeso otsiriza basi.

WaKuOfesi
Pamenepo ndikuvomera, ndi vuto lathu. Chomwe timayesa ndi chomwe ahedi amathamangira. Ndipo pali zina zomwe timaziona koma sitimazinena: sukulu zina zimabweza ana ofooka kuti asalembe mayeso, peresenti ya okhoza ioneke yokwera. Pa pepala sukulu yakwera, koma ana aja angobwereza kapena asiya.

Nkhutukumve
Ndiye mukayamba kuyesanso kuwerenga n'kumaika sukulu pa mndandanda, mukuganiza kuti sitidzaphika manambala?

WaZiwerengero
Funso la a Nkhutukumve ndi lofunika kuposa momwe likumvekera. Ku America lamulo la No Child Left Behind, lomwe linasainidwa mu 2002, linamangirira tsogolo la sukulu pa zotsatira za mayeso. Ku Atlanta, mzinda wa m'chigawo cha Georgia, zotsatira zinakwera modabwitsa, akuluakulu n'kumalandira ulemu. Kenako kafukufuku wa boma la Georgia mu 2011 anapeza kuti m'sukulu 44 munachitika chinyengo, ndipo anatchula aphunzitsi ndi ahedi 178. Ena ankafufuta mayankho olakwa a ana n'kulemba olondola. Mu 2015 khoti linapeza 11 olakwa. Omwe anavulala kwambiri ndi ana, chifukwa pepala linkati akhoza, ndiye thandizo lomwe ankafunika sanalandire.

Choncho kuyesa kwa mwezi ndi mwezi kukhale kwa mphunzitsi, kuti adziwe woti amuthandize. Kusakhale kokwezera kapena kutsitsira munthu pa ntchito. Ngati boma likufuna kudziwa momwe zinthu zilili, litumize anthu ena akayese ana ochepa osankhidwa mwamaere, kawiri pa chaka.

MayiWaAtatu
Ine za ku America sindikuzidziwa, koma zobweza ana ndaziona. Mwana wa mchemwali wanga anabwereza kawiri kalasi imodzi, mphunzitsi yemweyo, buku lomwelo, njira yomweyo. Chaka chachitatu anati sapitanso, wakula, anzake akumuseka. Kubwereza kopanda thandizo lina ndi kumuthamangitsa mwana mwaulemu.

MamboWaMasamu
Koma amayi, kumukweza asakudziwa kanthu ndi kumene kwabala mtsikana wa ahedi uja. Ku Mississippi, ku America, lamulo la 2013 linati mwana wosafika mlingo wa kuwerenga pa giredi 3 asapitirire, ndipo dera lomwe linali pa nambala 49 mwa madera a dzikolo pa kuwerenga kwa giredi 4 linafika pa 29 mu 2019, kenako pa 9 mu 2024.

MlangiziWopuma
Zoona, koma musatolepo chobweza chokhacho. Lamulo lomwelo linabweretsa kuyesa ana kuyambira ali aang'ono kuti ovutika adziwike msanga, makolo kuuzidwa, aphunzitsi kuphunzitsidwa kaphunzitsidwe ka maliwu ndi zilembo, komanso alangizi a kuwerenga otumizidwa ku sukulu zofooka kwambiri kukakhala m'kalasi ndi mphunzitsi. Wobwereza amalandira thandizo lapadera. Akatswiri mpaka pano amatsutsana kuti kubwezako kunathandiza motani pakokha. Amayi akunena za kubwereza kopanda chilichonse mwa zimenezi.

Chitsanzo chomwe chimandifika pamtima ine ndi Sobral, mzinda wa m'chigawo cha Ceará kumpoto chakum'mawa kwa Brazil, dera losauka. Cha m'ma 2000 anayesa ana awo n'kupeza kuti pafupifupi theka la a giredi 2 samatha kuwerenga. Sanabise. Anaika cholinga choti mwana aliyense aziwerenga m'zaka zoyambirira, anasiya kusankha ahedi mwa ndale n'kuyamba kuwasankha poyesa luso, aphunzitsi ankakumana mwezi ndi mwezi kukonzekera zophunzitsa, ana ankayesedwa ndi anthu ochokera kunja kwa sukulu, ndipo mwana akajomba sukulu inkafufuza tsiku lomwelo. Mu 2005 anali pa nambala 1,366 pa mlingo wa maphunziro wa dziko lonse la Brazil wotchedwa IDEB. Pofika 2017 anali oyamba mwa maboma ang'onoang'ono oposa 5,500. Taonani zaka zomwe zinadutsa. Atsogoleri ankasintha koma cholinga sichinasinthe.

Chokodala
Ife bwana akasintha, pulani imasinthanso. Ndaona mapulogalamu atatu a kuwerenga, lililonse ndi kabuku kake, lililonse likuti iwalani zakale zija.

WaKuOfesi
Zimenezo zimatitopetsa ndi ife omwe. Ahedi, ngati mungakanene chinthu chimodzi chomwe ofesi ingathe popanda ndalama zatsopano, kaneneni za fomu ya mlangizi. Panopa fomu yoyendera sukulu imafunsa zinthu zambirimbiri ndipo mlangizi amathera tsiku mu ofesi ya ahedi. Ifupikitsidwe. Alowe m'kalasi, aonere phunziro lathunthu, amve ana akuwerenga, asiye langizo limodzi, ndipo ulendo wotsatira ayambire pa langizo lomwelo. Kumene mayendedwe ndi ovuta, ahedi a sukulu zoyandikana akhoza kumayenderana.

Nkhutukumve
Hedi kuyendera hedi mnzake adzangoyamikirana.

WaSitandade1
Ayi, si onse. Ine amene anandithandiza kwambiri ndi mphunzitsi mnzanga wa sukulu yoyandikana nafe. Anakhala kumbuyo kwa kalasi yanga, ndipo titatuluka anandiuza kuti pa phunziro lonse ndinasankha ana asanu ndi awiri okha, onse a kutsogolo, onse okweza manja. Sindinkadziwa. Tsopano ndili ndi timitengo tolembedwa mayina m'kachitini, ndimangotola. Aliyense amakhala tcheru chifukwa sadziwa kuti ndani atuluke.

WaKomitiYaSukulu
Za kujomba musaiwale, ahedi. Mwana wojomba masiku awiri pa mwezi amaoneka ngati palibe vuto, koma pa chaka ndi pafupifupi mwezi wathunthu wa sukulu. Tipatseni mayina Lachisanu lililonse, ife a komiti tidzayenda. Koma kujomba kwa aphunzitsi nakonso kulembedwe, chifukwa kholo likatumiza mwana n'kumva kuti kalasi inakhala yokha, mawa silimukakamiza.

Chokodala
Zilembedwe, sindikukana. Koma mulembenso masiku omwe ofesi yomweyo imatichotsa m'kalasi kukakhala pa misonkhano m'kati mwa teremu.

WaKuOfesi
Zimenezo n'zomveka. Ndikazitula kwathu.

Hedi_Watsopano
Zikomo nonse, ndawerenga kawiri. Lero ndayamba kale: ine ndi achiwiri anga tayesa ana 30 a Sitandade 3 ndi pepala longa la aphunzitsi a Sitandade 1, ndipo mawa ndi mkuja timaliza otsala. Lachisanu ndikupita ndi zotsatirazo m'manja, ndikapemphe kuti sukulu iliyonse ichite chimodzimodzi pulani isanalembedwe. Ndikapemphanso ola la magulu pa ndandanda, aphunzitsi amphamvu ku makalasi oyambirira, ndi kuti sukulu yomwe yachita zimenezi isadzudzulidwe ngati mayeso otsiriza agwedezeka chaka choyamba. Chomalizachi ndikuchiopa, sindikudziwa ngati ahedi anzanga adzandiikira kumbuyo.

Mtsikana uja ndamuika m'gulu la maphatikizo. Ndinamuitana payekha kuti asachite manyazi pokhala ndi ana aang'ono, ndipo anangofunsa ngati anzake a m'kalasi adziwe. Apa ndiye ndikufuna nzeru zanu, chifukwa ana aakulu otere ndawapeza angapo.

WaSitandade1
Aakuluwo apangireni gulu lawolawo, ahedi, musawasakanize ndi a Sitandade 2. Ine ndimakumana nawo m'mawa belu lisanalire, ndipo nkhani zowerenga ndimalemba ndekha pa tchati, mawu osavuta koma nkhani za msinkhu wawo. Ndikutumizirani chithunzi cha tchati cha sabata ino madzulo ano ndikaweruka.